Tsiku Limene Mayi Hoekstra Anakana Kutsinzina

Zikomo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Mkulu wa yunivesite yathu, Dokotala Lindqvist. Mkulu wa zamasewera, Bambo Mabry. Aphunzitsi anzanga a matimu onse. Inu a m'maofesi, ndi inu amene mumasamalira mabwalo athu. Bambo Arlen Hoekstra, ana ndi zidzukulu. Ophunzira athu, kuphatikizapo amene mwabwerera keke yokha, ndakuonani. Ndi inu eni tsikuli, Mayi Marlys Hoekstra. Moni nonse masana ano.

Kwa amene simundidziwa, ndine Roscoe Gaither. Ndimaphunzitsa timu ya atsikana yothamanga ndi kulumpha. Bambo Mabry atandipempha kuti ndidzalankhule lero, ndinawakumbutsa kuti pasukulu pano palibe munthu amene wakangana ndi a Marlys kuposa ine. Anandiyankha kuti n'chifukwa chake asankha ineyo, poti enawo angangoyamikira anthu n'kuyamba kusinza. Ndiye a Marlys, khalani bwino pampandopo. Lero mulibe mphamvu yondiletsa.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi mayiwa akhala mu kaofesi kaja ka pafupi ndi masitepe. Ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti tonsefe tikutsata malamulo a bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji. Inu zidzukulu, mwina kunyumba mumawadziwa ngati agogo ophika makeke. Kuno ayi. Kuno ophunzira anawapatsa dzina lakuti Mayi Ayi. Ukalowa mu ofesi mwawo ndi funso, amayamba avula magalasi. Kenako amakoka chibuku cha malamulo chija, chonenepa ngati njerwa, chodzaza timapepala tamitundumitundu. Amatsegula, n'kuwerenga, n'kumwako khofi wa m'fulasiki yawo yobiriwira. Iwe uli chiimire, mtima uli m'mwamba. Pomaliza amakuyang'ana mwachifundo ndithu n'kunena kuti ayi.

Achinyamata a lero simungamvetse mmene zinalili. Masiku amenewo lamulo linkati wophunzira wosewera asalandire kanthu kalikonse chifukwa cha masewera ake kapena dzina lake. Sukulu ikakulipirira maphunziro, chipinda ndi chakudya, zathera pomwepo. Wokonda timu akakugulira nsapato, mlandu. Akakudyetsa kumalo odyera, mlandu. Ndiye a Marlys anabwera kuno mu 1993 ali mtsikana, magazi akuwira, atatsimikiza kuti palibe mlandu umene udzawadutse.

Mwezi wawo wachitatu, kunja kukugwa chipale chofewa, anaona pawindo bambo wina wachikulire akuveka mnyamata wathu wa basiketibo chijasi chatsopano, chamtengo wake. Anatsika masitepe akuthamanga, osavala n'komwe chijasi chawo. Anaima pakati pa awiriwo, kabuku ndi cholembera m'manja, n'kulamula mnyamatayo kuti avule chijasicho msanga. Anafunsa bamboyo dzina, kumene amakhala, ndi chifukwa chimene akuperekera mphatso kwa wosewera wathu. Bamboyo anangoti kukamwa yasa. Kenako anati, "Mayi, uyu ndi mwana wanga." Mukuganiza kuti a Marlys anachita manyazi? Anafunsa ngati ali ndi umboni. Bambo wa munthu anatulutsa laisensi yoyendetsera galimoto. A Arlen akugwedeza mutu uko, nkhaniyi akuidziwa.

Koma musaganize kuti ayi wawo ankathera pa ayi. Chaka china mu Ogasiti, mlimi wina wokonda timu yathu ya mpira anabwera ndi galimoto yodzaza dowe, kuti anyamata adye. Anyamata anali atayamba kale kunyambita milomo. A Marlys anatulukira n'kuima kutsogolo kwa galimotoyo ngati wapolisi wapamsewu. Mlimiyo anakwiya, nati chimangacho walima yekha ndipo apatsa amene wafuna. Iwo anamupempha kuti adikire mphindi khumi. Anabwerako ndi chibuku chija chotsegula, n'kumuuza kuti lamulo limaletsa kupatsa osewera okha, koma sililetsa kupatsa ophunzira onse. Dowe uja anakamutsitsira kuholo yodyera. Sabata yonse sukulu inadya chimanga, m'mawa, masana, madzulo. Mpaka aphunzitsi a masamu ankayenda akutokosa m'mano.

Ndiwo a Marlys amenewo. Amakana, kenako amakhala pansi n'kukufunira njira.

Koma pali tsiku limene njira inasowa. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limenelo, chifukwa simungawadziwe mayiwa osalidziwa. Mwini nkhaniyi ndamupempha, ndipo wandilola.

Mu 2012 ndinali ndi mtsikana wolumpha m'mwamba, dzina lake Shanelle Broussard, wochokera ku Louisiana. Pa zaka zanga zonse sindinaphunzitsepo wina wolumpha ngati iyeyo. Akamathamangira ndodo yopingasa imene ankailumpha, bwalo lonse linkakhala chete. Chinali chaka chake chomaliza kupikisana, ngakhale maphunziro anali asanathe, ndipo anali atapeza malo pa mpikisano wa dziko lonse wa mu Juni. Tonse tinkadziwa kuti akhoza kukapambana.

Kwawo zinthu sizinali bwino. Mayi ake anali atasiya ntchito ya kuhotela chifukwa cha msana, ndipo kunyumba kunali mng'ono wake wa kusekondale. Shanelle anali ndi luso lina, loluka tsitsi. Lamlungu lililonse ankaluka anzake m'chipinda chake, n'kumatumiza kwawo zimene wapeza. Apo panalibe vuto, a Marlys anali atamuloleza, poti inali ntchito ya manja ake ndipo mtengo wake unali womwewo wa aliyense. Vuto linabwera ndi mnzake wina wamtima wabwino. Anamupangira timapepala toitanira makasitomala. Anaikapo chithunzi cha Shanelle ali m'mwamba, atavala yunifolomu ya sukulu, ndi mawu akuti bwerani mudzalukidwe ndi katswiri wathu. Anatimata pamakoma onse. Shanelle anationa, anasangalala, ndipo makasitomala anachulukadi. Sanaganize kuti chithunzi chake chomwe chingamuike m'mavuto.

Ine nditaona kapepala koyamba, ndinakamatula pomwepo. Panali patatsala masabata atatu kuti mpikisano uja uchitike. Ndinazungulira sukulu yonse ndikumatula, n'kukataya m'bini ya kuseri kwa bwalo. Inde, Dokotala Lindqvist, ndikuvomera lero pamaso panu. Ndinabwerera ku ofesi ndikuganiza kuti ndazimitsa moto. Ndinapeza uthenga wakuti Mayi Hoekstra akundifuna. Nditalowa, kapepala kamodzi kanali pa tebulo pawo. Chibuku chija chinali chotseka. Magalasi sanavule n'komwe.

Ndinatseka chitseko. Ndinati, "A Marlys, katsala ndi kameneka kokha. Tina tonse ndataya. Tsinzinani masabata atatu okha, chonde."

Anati, "Sindingathe, a Roscoe."

Ndinawakumbutsa za chikwangwani chachikulu cha pamsewu wolowera mutauni. Ena mukuchikumbukira. Chinali ndi chithunzi chomwecho cha Shanelle, chachitali ngati nyumba, ndipo pansi pake sukulu inkaitanira anthu kuti agule matikiti. Ndinafunsa kuti zikutheka bwanji kuti sukulu igulitse matikiti ndi nkhope ya mwanayu, koma mwini nkhope akaitanira anthu oluka tsitsi ukhale mlandu.

Yankho lawo ndimalikumbukira mpaka lero. Anati, "Chikwangwanicho ndimachidutsa m'mawa uliwonse, ndipo chimandichititsa manyazi. Lamuloli ndi lolakwa. Koma timapepalati anthu atijambula kale ndi mafoni. Ndikabisa, wina n'kudzaulula mu Julayi, Shanelle adzataya sikolashipu asanamalize digiri, ndipo atsikana anu onse adzalandidwa zimene apambana. Komanso ine ndikadzapita kukanena kuti lamuloli lisinthe, adzanditcha wobisa milandu, ndipo palibe adzandimvere."

Ine sindinkafuna kumva nzeru tsiku limenelo. Ndinawauza kuti m'chifuwa mwawo mulibe mtima, muli buku. Ndinamenyetsa chitseko n'kutuluka.

Ambiri pa udindo wawo akanangotumiza kalata. A Marlys anapita okha kukamupeza Shanelle kubwalo, n'kukhala naye pa benchi, n'kumufotokozera zonse pamaso. Ine ndinali chapatali, ndikunamizira kukonza ndodo. Shanelle sanalire. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye Mayi, dzina langali ndi la ndani?"

A Marlys anamuyankha kuti alibe yankho limene iwo eni angalikhulupirire.

Lipoti linapita tsiku lomwelo. Tsiku lotsatira anayamba kulemba apilo, masamba makumi anayi. Anatenga masiku a tchuthi chawo, a Arlen n'kuwayendetsa maola asanu ndi awiri kupita kulikulu la bungwe lija, kuti akalankhule pamaso m'malo modikira foni. A Arlen amati ulendo wonse mayiwa ankayeserera zokanena, ndipo iwo ankayenera kukhala ngati akuluakulu a bungwe n'kumawatsutsa. Akuti pofika, a Arlenwo anali atagonja kasanu.

Chigamulo chinabwera patatsala masiku anayi. Sikolashipu sinalandidwe. Zimene timu inapambana sizinakhudzidwe. Koma Shanelle anamuimitsa mipikisano iwiri, ndipo umene unatsala unali umodzi wokha, wa dziko lonse uja. Sanapite. Mtsikana amene anapambana chaka chimenecho analumpha mulingo umene Shanelle anali ataudutsa kale kawiri mu Epulo.

Chaka chathunthu sindinawalankhule a Marlys. Ndikafuna kanthu ndinkalemba kalata, ngakhale maofesi athu atalikirana ndi zitseko zinayi zokha. Tikakumana pakhonde ndinkayang'ana kukhoma. Koma iwo m'mawa uliwonse ankati, mwadzuka bwanji a Roscoe, ngati palibe chachitika. Ine duu. Mawa lake chimodzimodzi. Munthu wamkulu ndithu, wa imvi, kumanyanyala ngati mwana wolandidwa switi.

Mukudziwa chimene chinathetsa kunyanyalako? Shanelle atamaliza digiri yake, anatsegula kasaluni ku Cedar Rapids, kachipinda kamodzi ndi mipando iwiri. Apa sanalinso wosewera wathu, ndiye palibe lamulo limene linkamukhudza. Kasitomala wake woyamba tsiku lotsegulira anali ndani? Mayi awa. Lolemba analowa pakhonde ndi tsitsi lawo lotuwa lija litalukidwa mizere yothina kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Nkhope itakokeka, nsidze zili m'mwamba, kuphethira kukuvuta. Anati, mwadzuka bwanji a Roscoe. Ndinayesa kuyang'ana kukhoma, koma zinakanika. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iwo anandiuza kuti mutu ukuwawa koopsa, ndipo sanagone bwino masiku awiri, koma samasula mpaka sabata itatha, chifukwa alipira mtengo wonse. Tinayambira pomwepo kulankhulana.

Shanelle ali pano lero, pa tebulo lachitatu apo. Imika dzanja, mwanawe, akuone. Pano ali ndi masaluni awiri ndi antchito asanu ndi anayi. Nditamuimbira kuti ndimupemphe nkhaniyi, anandilola, koma anandipatsa lamulo limodzi. Anati, "Aphunzitsi, musakanene kuti zonse zinatha bwino. Mpikisano uja sunabwererenso." Ndiye ndanena monga unandituma. Sunabwererenso. Anandiuzanso kuti kwa zaka ziwiri anali wokwiya ndi aliyense wa pasukulu pano, ine ndemwe, koma munthu mmodzi yekha ndi amene anamuuza zoona pamaso, ndipo n'chifukwa chake wayenda ulendowu lero.

Chimene ambiri sitinkadziwa n'chakuti a Marlys sanasiyire pomwepo. Chaka chilichonse ankalembera bungwe lija kalata yopempha kuti osewera aloledwe kupindula ndi mayina awo. Anadzipereka kulowa m'makomiti amene wina aliyense amawathawa. Kumisonkhano ankaimirira n'kufunsa funso la Shanelle lija, mawu ake omwewo. Ena ankawaseka. Mkulu wina wa sukulu yaikulu anawauza kuti akufuna kupha masewera a m'makoleji. Iwo anangomufunsa kuti iye amalandira zingati pachaka, ndipo osewera ake amalandira zingati. Akuti anthu anayamba kuyang'ana pansi. Sindikunena kuti makalata awo ndi amene anasintha dziko. Panali makhoti, panali aphungu, panali osewera eni ake amene analimbana. Koma pamene ambirife tinkangong'ung'udza pakhonde, mayiwa ankalankhula pamalo oyenera, ndipo palibe amene akanawaloza chala kuti kwanu mumabisa.

Malamulo atasintha mu 2021, tinaganiza kuti basi, Mayi Ayi ntchito yawathera. Tinalakwitsa. Mzere wa pakhomo pawo unatalika kuposa kale. Tsopano ana ankabwera ndi mapepala a mgwirizano ochokera kwa ogulitsa magalimoto, ogulitsa zakumwa, ndi anthu ena osadziwika bwino ovala masuti owala. Mnyamata wina wa mpira, sindimutchula poti wakhala pafupi ndi keke apo, anabwera akumwetulira, atalonjezedwa galimoto yatsopano. Ankangofuna kuti mayiwa aone msanga, iye akasaine. A Marlys anavula magalasi, anawerenga masamba onse khumi ndi awiri, n'kumuonetsa mzere umodzi pa tsamba lachisanu ndi chinayi. Mzerewo unkati kampaniyo idzagwiritsa ntchito dzina ndi nkhope yake moyo wake wonse, osamupatsanso kanthu. Anamuuza kuti dzinalo angolandira kumene, asaligulitse pa mtengo wa matayala anayi. Mnyamatayo anatuluka atakwiya. Patapita mwezi anapeza mgwirizano wina wa chaka chimodzi, wabwino. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Makutu a pasukulu pano onse ali ndi zipsera za zala za mayiwa.

Ndisakunamizeni kuti ine ndi a Marlys tsopano timagwirizana pa zonse. Nkhaniyi sinathe, ndipo m'chipinda muno muli maganizo osiyanasiyana. Ine zina zimandidetsa nkhawa. Anyamata a mpira akupeza zambiri, atsikana anga othamanga akutola nyenyeswa. Masukulu olemera akukokera ana kwawo. Chaka chatha mtsikana wanga wothamanga kwambiri anasamukira kusukulu ina kumene anamulonjeza zochuluka. Ndinamuphunzitsa zaka ziwiri, kuyambira asanadziwe n'komwe kuponda bwino. Zinandipweteka. Ndinapita kwa a Marlys kukadandaula kuti onani zimene munkafuna zija, ana sakhalanso okhulupirika. Anandithirira khofi. Kenako anandifunsa kuti ine ndinabwera bwanji pasukulu pano. Ndinayankha kuti ndinachoka ku Nebraska chifukwa kuno malipiro anali abwino. Anati, "Ndiye kumeneko anakutchani wosakhulupirika, kapena anakugulirani keke?" Ndinangomwa khofi wanga. Mpaka lero ndikufunabe yankho. Ndikalipeza ndidzakuimbirani, a Marlys, musasinthe nambala.

Tsopano ndisiye nthabwala.

A Marlys, ntchito yanu inali yosayamikirika. Timu ikapambana, anthu amanyamula mphunzitsi. Palibe amene ananyamulapo munthu wa malamulo. Mukagwira bwino ntchito, palibe chimachitika, ndipo palibe amadziwa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi sukulu ino sinalandidwepo chikho, sinatulukepo m'nyuzipepala ndi nkhani yamanyazi. Ana mazanamazana anamaliza maphunziro awo chifukwa munawaletsa kuponda pamene pakanawagwetsa. Ambiri a iwo sadziwa. Ife tikudziwa. Zikomo.

A Arlen, ndi inu ana, zikomo potibwereka mayiwa. Tikudziwa kuti Loweruka lambiri munalidya opanda iwo, poti ndilo tsiku la masewera. Tikudziwanso kuti masiku ena ankabwera kunyumba atanyozedwa ndi anthu amene ankawateteza. Mmodzi wa anthuwo ndine.

Pali chinthu chimene sindinachite, ndipo ndachedwa nacho zaka khumi ndi ziwiri. Tinayambanso kulankhulana, tinaseka, tinamwa khofi, koma mawu amene ndinakuuzani mu ofesi muja sindinawabweze. Ndinangowasiya, ndikuyembekeza kuti mwaiwala. Ndikudziwa kuti simuiwala kanthu. Ndinati mulibe mtima. Ndinalakwa. Tsiku limenelo ine ndinkaganiza za masabata atatu, inu munkaganiza za moyo wonse wa mwana uja, ndipo munavomera kuti tikudeni. Pamaso pa amuna anu, ana anu, ndi Shanelle, ndikuti pepani, a Marlys. Mundikhululukire.

Mwagwedeza mutu movomereza. Ndalandira. Anzanga, mwaona nonse, mukhale mboni.

A Arlen andinong'oneza kuti kanyumba ka m'mbali mwa nyanja ku Minnesota kakonzeka, ndipo bwato alipaka kale utoto. Pitani mukapume, mayi. Mukadzuke dzuwa litakwera. Mukabzale maluwa anu. Zidzukuluzi mukazilere mozisasatitsa, zikapempha switi wachiwiri muzipereka. Foni ikalira Loweruka, muziisiya ilire. Mulungu akupatseni thanzi ndi zaka zambiri, inu ndi a Arlen. Ndipo mukatisowa, bwalo mukulidziwa. Mudzakhale pamwamba penipeni, mudzakuwe mmene mungathere, poti zaka zonsezi munkaonera masewera mukuyang'ana amene akupatsa ana athu zinthu m'malo moyang'ana mpira.

Anzanga, ikani mafoloko pansi. Tiimirire tonse, ndi inu a kumbuyo. Tiwaombere m'manja Mayi Marlys Hoekstra, mpaka amve ali pamsewu.